Sichoka

Loweruka lililonse ndimalonjeza akwati chinthu chimodzi:
sichoka.
Lirani mmene mungathere, asisi,
psompsonani azakhali onse a ku Mufakose,
mvula ya Disembala ikupezeni pa masitepe a tchalitchi,
chofiira cha pamilomochi sichoka,
chakuda cha m'zikopechi sichiyenderera.

Zaka khumi ndi zinayi ndadyera mawu amenewa.
Andilipirira lendi ya kachipinda ka ku Copacabana,
kumene utsi wa makombi umalowera pawindo
n'kukhala pakalilole ngati kasitomala wangongole.
Andiphunzitsira Ndaziona mpaka ku yunivesite.

Ndiye Ndazionayo, Lachitatu lapitali,
atabwera kudzatenga ya basi,
anatola kabotolo pashelefu, nakatembenuza,
kuwerenga timalemba tonga mazira a nsabwe.
Amayi, onani apa: fuloro, apanso fuloro.
Awa ndi mankhwala aja osawola.
Dzuwa siliwatha, nthaka siiwagaya,
moto wa kudzala umangowasamutsa.
Ndinaseka. Ndinati mwanawe, ndi zimene ndimagulitsa.
Iye sanaseke.
Anati, mukatsuka maburashi, madziwo amapita kuti?

Kundifunsa ine!
Mwana wa a Jailosi a ku Dedza,
amene anakalambira pa ntchito ya zonyansa ku Firle,
ovololo yawo tinkayanika kuseri kuti alendo asaimve.
Njira ya madzi ndimaidziwa
kuposa ya kumudzi kumene sindinapondeko:
paipi, ngalande, Mukuvisi, Chivero,
kenako n'kutembenuka, kukwera chitunda,
kudzatulukira pampopi wanga womwe
tsiku limene mpopi wakumbuka kuti ndi mpopi.
Bambo ankati madzi a mzinda uno ndi galu,
ukamutaya kutali, m'mawa umupeza pakhomo.

Usiku umenewo ndinawerenga akwati m'malo mogona.
Ndinalekera pa mazana asanu.
Ena mabanja anatha mphete zisanathine,
ena tinakawaika ku Mbudzi,
zithunzi zawo zafufuma m'maalubamu,
keke anaiwalika kukoma kwake.
Koma utoto wa tsiku lawo ukadali moyo,
ukuyandama pansi pa namasupuni,
sukudziwa kuti phwando linatha.

Achimwene a Lekisoni amagulitsa nsomba pa Mbare
m'ndowa yabuluu yosweka chogwirira.
Dzulo anandibweretsera ziwiri, zonona.
Ndinazitsegula kukamwa ngati namwino.
Milomo yotuwa, yopanda kanthu.
Ndaziona akuti vuto lake n'lomwelo,
siziona ndi maso, sununkhiza,
zimangokhala m'magazi phee
ngati mlendo amene wabisa chikwama chake.
Tinadya. Ndani amataya ndiwo mwezi uli pakati?

Mudilowa muli timabotolo makumi anayi ndi titatu,
ta ngongole, kwa mayi wa ku Musina
amene salandira nkhani za sayansi m'malo mwa madola.

Lero wabwera Shingirai, manja akunjenjemera,
chophimba kumutu chili m'pulasitiki pamiyendo.
Wandifunsa m'Chishona ngati sichidzachoka akamalira.
Ndamugwira chibwano, ndamuuza ayang'ane kudenga.
Sichoka, mwanangu.
Sindinanamepo pa ntchito imeneyi
koma lero choonadi chandiwawa m'kamwa ngati mankhwala a malungo.

Atapita ndinaima pasinki, maburashi m'manja.
Mpopi unatsokomola kawiri, n'kubwera.
Ndinautseka.
Ndapukutira zonse pa kansanza,
kansanzako ndakaika m'chitini cha majarini pansi pa benchi.
Pakutha pa mwezi chitini chidzadzaza.
Ndafunsa Ndaziona kokachitaya,
wati akafunsa aphunzitsi ake.