Wososa wa ku Midrand

Leveni koloko usiku.
Mashudu wa pageti wandilemba m'buku,
ndadinda chala pagalasi,
chitseko chaganiza kaye, kenako chavomera.

Muno mumazizira kuposa Juni wa panja.
Mafani akulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini.
Ndavala majuzi awiri, ina ndinagula pa Bree
kwa mayi wa ku Beira amene amaiwala dala chenji.

Sindinabwere kudzaika pulogalamu yosungira zinthu ija ayi.
Imeneyo ndi ya mawa, ya Lehlohonolo ndi tayi yake.
Ine ndine wososa.
Dzina langa silikhala pa lipoti.

Maseva atatu, osanjikizana ngati mabedi a pakomponi
amene ankasimba malume a Kamtedza, uku akutsokomola.
M'mimba mwa iliyonse ndikuumba makina opanda thupi,
kompyuta yongouzidwa kuti ilipo, n'kukhulupirira.
Ndikuipimira mphamvu, ndikuipimira memore,
ndikulamula kuti gawo ili asabwerekepo wina
ngakhale mnansi atalira chotani.
Ku Rosettenville timagona asanu m'chipinda cha awiri,
aliyense ndi katani yake, ketulo imodzi.
Zogawa malozi sindinaphunzire kukoleji kokha.

Bwana anafunsa Lachiwiri, maso ali pa marandi:
atatu achiyani, awiri sakwana?
Ndinati awiri akakangana woweruza palibe,
aliyense adziyesa yekha wamoyo.
Anasaina mosakondwa.

Kenako mawotchi.
Yachitatu yatsalira mphindi zinayi,
ndipo mphindi zinayi n'zokwana kuti anzake aikane.
Ndaiuza kokafunsa nthawi.
Joni ndi Ntcheu wotchi ndi imodzi,
komabe ndikaimba foni ndimapeza ndachedwa:
dzino linaguluka kale, maliro anaika dzulo.

Maina nawo.
Ukaitana dzina iyankhe nambala,
ukaitana nambala ibweze dzina.
Kuno ine amangonditcha Malawi.

Waya wachikasu ndi msewu wa katundu,
wabuluu ndi wa anthu, zisakumane.
Uliwonse ndaupatsa mnzake wapambali,
ndazula umodzi dala kuti ndione ngati wina asenza.
Wasenza.
Cha m'ma thu magetsi aphethira,
jenereta yatsokomola kuseri, yagwira.
Pawindo la m'khonde, tauni yonse ya uko yazima
kupatula magalimoto a pa msewu wa ku Pitoliya.

Madisiki makumi awiri ndi anayi.
Buku likuti ndiwapereke ali mbee,
opanda mkhalapakati, opanda mbiri.
Koma yachisanu ndi chiwiri ili ndi za eni ake:
kampani ina imene inatseka kalekale.
Maina a mafoda okha ndawaona,
malipiro, tchuthi, zithunzi za phwando la Disembala.
Sindinatsegule.
Makina afunsa ngati ndatsimikizadi.
Ndapukuta manja pa thalauza, ndavomera.
Sizinatenge ndi masekondi atatu omwe.

Folo koloko. Timagetsi tonse tabiriwira.
Nkhokwe yaima, yamatidwa, chimanga n'cha ena.
Chatsala n'kujambula manambala a kumbuyo kwa maseva
kuti Lehlohonolo asagwade ndi suti yake.

Ndatulutsa foni. Yakana.
Akuti malo atha, fufutani zina.

Zinazo ndi mauthenga a mawu a Sungeni,
zana limodzi ndi khumi ndi awiri.
Ababa, ndakhoza masamu.
Ababa, mbuzi yaswa awiri.
Ababa, mukubwera Khirisimasi iti?
Wina ndi wongopuma chabe, anaiwala kuzimitsa,
tambala akumveka chapatali.

Patsogolo pangapa pali malo okwana mawu a Ntcheu yense,
amoyo ndi akufa, mpaka zidzukulu,
ndipo mulibe kangodya kanga.

Ndabwereka bolopeni kwa Mashudu.
Ndagwada pa simenti yozizira, tochi kukamwa,
ndikukopera manambala kuseri kwa lisiti ya buledi,
limodzi limodzi,
ziro ndikumudula pakati kuti asafanane ndi O.