Kum'mawa Kwasamuka

Sau-king ankati nyumba imapuma ngati munthu.
Mpweya ukalowa pakhomo, ankatero,
usathamange kukatulukira pazenera
ngati mlendo wongofunsa njira.
Uziuchedwetsa. Uziupatsa pokhota.
Choncho pakati pa chitseko ndi zenera
anaikapo mphika wa chomera cha masamba otambalala,
ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala ndikupunthwa pamenepo usiku.

Ine ndine wokonza mawotchi.
Ndimakhulupirira chimene ndingachigwire ndi kopanira.
Za feng shui, za mphepo ndi madzi,
ndinkaziseka m'chikepe
pokwera kwathu, nsanjika yakhumi ndi chiwiri, ku Sham Shui Po,
kumene mphepo yake ndi utsi wa mabasi,
madzi ake ndi odontha m'makina oziziritsa nyumba
a anzathu a pamwamba.

Koma iye anali ndi malamulo ake.
Nsungwi zitatu m'botolo la madzi, kum'mawa.
Zinayi ayi:
liwu loti zinayi kuno limamveka ngati imfa.
Chaminga chisagone nafe kuchipinda,
chikhale kunja kwa zenera, chizilimbana
ndi ngodya ya nyumba ya tsidya la msewu
imene imatiloza ngati mpeni.
Kamtengo ka masamba onenepa ngati makobidi
pambali pa kabati ya mabilu.
Makobidiwo tikudikirabe,
mabilu okha ndiwo sanaphonyepo mwezi.
Tsamba likafota ankalithothola tsiku lomwelo.

Chaka chatha, nyengo ya chinyezi,
makoma akutuluka thukuta,
anabwera anyamata awiri ndi machira.
Anachita kukankhira mphika uja pambali
kuti adutse naye.
Njira inakhala yowongoka, kuchokera pabedi mpaka pakhomo.

Ndinathirira. M'mawa kuthirira, usiku kuthiriranso,
poti manja analibe pogwira,
mpaka mizu inayamba kununkha.
Kenaka kum'mawa kwathu kunamera nyumba ina,
nsanjika makumi anayi,
n'kumeza dzuwa lonse la m'mamawa.
Nsungwi zija zinayamba chikasu kunsonga.

Mwana wathu Hoi-yan anabwera Lamlungu
ndi kampasi ya m'foni.
Anazungulira pabalaza atatambasula mkono.
Bambo, kum'mawa ndi konkuno.
Amayi anaika bwino. Musasunthe kanthu.
Ndinagwedeza mutu. Tinamwa tiyi. Anapita.

Ndinachita zimene ndimachita ndi wotchi yoima:
kuiyang'ana kaye, osaigwira.
Tsiku lonse ndinalondola dzuwa m'nyumbamo.
Limafika mochedwa masiku ano,
cha m'ma 3 koloko masana,
kachigamba kosaposa mpango wa m'thumba,
kukhitchini, pambali pa chitofu penipeni,
pamene iye ankati madzi ndi moto zimayambana.

Ndinanyamula botolo ndi manja awiri.
Ndinati, Sau-king, undikhululukire,
kum'mawa kwasamuka.

Papita milungu isanu ndi umodzi.
Nsungwi imodzi inafa,
ndinaichotsa tsiku lomwelo.
Ziwiri zatulutsa timasamba tosongoka
ngati mivi ya wotchi ya pamkono.
Sindidziwa kuti ziwiri zimatanthauzanji
m'kabuku kake kofiira kaja.
Hoi-yan amadziwa.
Nditamufunsa anaseka pang'ono,
n'kutembenukira kuzenera,
kumakapukuta galasi lopanda fumbi.

Mphika wa pakhomo uja ndinaubweza pamalo pake.
Dzulo usiku, popita kukamwa madzi,
ndinapunthwa chala chomwe chija.
Ndinatukwana.
Kenaka ndinangoima mumdimamo, mwendo umodzi m'mwamba,
kumvetsera mpweya ukukhota.