Chitsulo cha Kumbuyo

Che Ndembo anaikoka Lachiwiri m'mawa,
ngolo yawo yogonera kuthengo, mchira uli lende,
bampa yakale itapindika ngati nthiti ya mbuzi,
matope a ku Lungwena akadali m'mabawuti.
Akuti, Twaibu, undipangire ina,
ya njanji ngati ungaipeze,
yoti mwala ukaiona uzipatuka wokha.

Sindinayankhe.
Ndinagona chagada pansi pake,
mchenga wa pa Ntagaluka ukundiwamba msana,
n'kumawerenga zipsera.
Chitsulo sichidziwa kunama:
apa chinakhula potuluka m'chigwembe,
apa chitsa chinachikola pobwerera chafutambuyo,
apa ndi dzimbiri chabe,
palibe anasuzumirako chidutsireni mvula.

Kwathu ndine mzime, wachisanu ndi chitatu.
Za kumbuyo musandiuze.
Fumbi la otsogola ndinalimeza,
nthambi imene wamkulu waikankha n'kuitaya
inkafikira pankhope panga.

Ndinatenga choko, simenti ikhale pepala.
Ikwere ndi zala zinayi, ndinatero,
ngodya zake zisengedwe chokweza
ngati chidendene cha nsapato yakutha,
kuti potsika phompho isapemphe nthaka moni.
Ngowe ziwiri zokokera zigwire mafupa a ngolo,
osati khungu.
Pakati pakhale polowa jeke.
Nyali zibisale m'kati, miyala ya ku Makanjira ili ndi maso.

Koma njanji ayi, Che Ndembo.
Bampa yolimba kuposa ngolo yake
ikagunda siipindika,
ululu wonse imapatsira msana wa mwini.
Kulimba kwina n'kudzikonda.
Iwo anapukusa mutu, natafuna kamtengo,
nati ndalama ndi zawo.
Ndinati moto ndi wanga.

Ndinadula katoni ya sopo kukhala chifanizo,
ndinaimanga ndi waya, tayala lapadera ndinalijambula pakati,
ndinaima patali, manja m'chiuno.
Sakina, mwana wanga, anabwera ndi tiyi m'chigubu,
anayang'ana kamodzi kokha:
Ababa, nanga chitseko cha mapoto chizitseguka bwanji?

Anyamata a kabaza pansi pa mtondo anafa nazo.
Ndinafufuta ndi phazi ntchito ya m'mawa wonse.
Tayala lija tinalipatsa mkono wakewake,
wozungulira pa hinjesi ya geti la chigayo,
ndipo mzere woyamba anajambula ndi iyeyo,
lilime lili panja.

Ndodo itangopsa theka, magetsi phethi.
Azana inamveka kutsidya kwa msewu.
Tinasamba, tinapita, tinabwerako, tinadikira,
chitsulo chikuzizira ndi msoko wosatha.
Anabwera usiku anthu atagona,
ndinawotcherera mpaka atambala,
mphenzi zazing'ono zikuthamanga pakhoma la Che Lipenga.
M'mawa maso anali ngati wathiramo mchenga wa mu Shire,
ndinagona ndi mbatatesi pazikope.

Penti yakuda, zonyezimira zofiira ziwiri.
Che Ndembo anaiponda, anadumphapo ndi thupi lonse,
anadula mtengo ndi zikwi zisanu, ati poti si njanji,
nakwera galimoto osacheuka.
Wocheuka ndani?
Kalilole amaonetsa fumbi basi.
Ndine ndinaima pamsewu
kuiona ikuwoloka mlatho, kuloza ku Namizimu.

Patatha masabata atatu anabwera nkhope ili gwa.
Ona, yapindika!
Mwala wa pa Chowe, alendo anayi akuonerera.

Ndinagonanso chagada.
Ngodya yakumanzere inali itakhwinyata ngati chikhatho,
penti itasupuka.
Ndinayendetsa chala pamafupa a ngolo,
uku ndi uku, mpaka kumateyala.
Owongoka ngati tsiku lobadwa.

Pansi pomwepo, iwo osandiona,
ndinaisisita pabala paja
monga amayi ankachitira ndikafika kunyumba womaliza,
kenako ndinaitana Sakina
kuti abweretse hamala yaikulu ija.