Pakamwa Pobwereka

Tsiku lonyamuka ananditenga ndi a Zakeyo Njobvu,
ine pakaliyala, sutikesi pamiyendo panga,
kuchoka ku Navutika nkhuku zisanatsike
mpaka pomwe mabasi a ku Lusaka amalizira mahutala.
Ndalama anakana.
Anati, "Ukatitengereko Chizungu china,
chathu chino chatha mano."

Miyezi khumi ku Lizboni.
Ankatitsekera m'tizipinda tagalasi, awiriawiri ngati nkhunda,
mahedifoni kumakutu, madzi m'tambula,
wina uko akulankhula za misonkho ya nsomba,
iwe uzimulonda mapazi atatu pambuyo,
osamupitirira, osamutaya.
Khutu linkameza Chipwitikizi, kamwa n'kulavula Chingerezi,
Chinyanja changa chili phee pansi pa lilime
ngati ndalama yomanga pansonga ya chitenje.

Mphunzitsi wathu, mayi wofuka utsi wa fodya ngati uvuni wa njerwa,
ankagogoda galasi ndi mphete yake:
"Iwe palibepo apa. Ndiwe zenera.
Usawonjeze, usachotse, usapepese."
Ndinalemba m'kope. Mayeso ndinakhoza nazo.
Usiku m'sitima ndinkanong'ona zikwangwani zawo m'chinenero chathu
kuti ndimve ngati chikadali chamoyo.

Lero ndili m'wodi ya amuna, pachipatala chachikulu cha Chipata.
Okutobala, phiri la Kanjala lada bii ndi moto wa osaka mbewa.
Dokotala wa ku Burazilu wakweza chithunzi cha chifuwa kukuwala,
ndipo pabedi lachisanu ndi chiwiri
pagona a Njobvu.
Miyendo ija, yokwera zitunda ndi matumba atatu a makala,
yasanduka timitengo ta chinangwa.
"Ndiwe kodi? Wabwera nacho?"
Ndabwera nacho, bambo.

Dokotala walankhula mwachidule, molunjika ngati jekeseni:
chotupa chafalikira, chochita palibe,
miyezi iwiri, mwina itatu.
Wayang'ana ine.
A Njobvu ayang'ana ine.
ANasoko asiya kuthira thobwa m'kapu, botolo lili m'malere.

Ku Lizboni malire anali masekondi atatu.
Apa ndapyola khumi.
Mawu onse ndikuwadziwa, lililonse mnzake alipo,
koma kwathu uthenga wotere sulowa m'nyumba popanda odi,
ndipo mwana sawerengera mkulu masiku ali chiimire.

Ndagwada pasimenti yonunkha mankhwala.
"Akuti matenda akula, bambo.
Akuti ayenda thupi lonse.
Akuti mvula ikubwerayi..."
Pakhosi patsekeka.

"Sindilima nawo," amaliza okha.
Akhala chete, ayang'ana kudenga komwe fani yakufa yalendewera.
"Uwauze ndamva.
Uwafunsenso ngati ndingatuluke Loweruka.
Njinga ili ndi mwana wa mlongo wanga,
ndipo mnyamata ameneyo tcheni sathira girisi."

Zimenezo ndapereka zonse, osachotsa kanthu,
ndi girisi yemwe.
Dokotala wagwedeza mutu, walemba,
wapita pabedi lina, ine pambuyo pake mapazi atatu.

Madzulo ndatsika wapansi kudzera ku Kapata.
Anyamata a njinga andiimbira mabelu, "Sisita, tiyeni!"
onse ndawakana.
Mayi wa mphete uja akanandipatsa zingati lero?
Mawondo a siketi yanga akadali ndi fumbi la m'wodi.
Nanga zenera limagwada?
Ndani analikwezapo ulele panjinga, kunja kusanache?

Loweruka ndapempha tchuthi.
Galimoto ndapeza, ya bambo wina wogulitsa mbatata,
wati mafuta okha.
Ndidzakhala nawo kumbuyo, mutu wawo pachikwama changa,
mpaka kwawo, kupitirira Mtenguleni.
Kuperekeza.
Liwu limeneli ndinalisaka miyezi khumi m'madikishonale awo onenepa.
Onse ankandipatsa la kuyenda limodzi,
koma panalibe lonena
kuti pena pake panjira mudzaima,
mugwirane chanza,
wina n'kubwerera yekha.