Wobwereka Nyumba

Unalowa Lachinayi, magetsi atathima Tizimín yense,
mvula ikugogoda malata ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Tinayesa mleme.
Eusebia anakuwa, navula patapata,
koma iwe, gulugufe wa usiku, unali utatera kale pamwamba pa chitseko,
mapiko tambalale, kukula ngati chikhatho cha bambo,
mtundu wa fodya wonyowa,
ndi timaso tiwiri tosaphethira.

Kuno amati ukafika ngodya zonse zinayi za nyumba
maliro ali pakhomo.
Mlamu anawerenga chapansipansi:
yoyamba pa kalendala,
yachiwiri pa chithunzi cha malemu mayi,
yachitatu kaya unaikhudza kaya ayi,
mpaka lero timatsutsana.

Bambo Nicanor anali gone m'machila mwawo,
mwezi wachisanu chifuwa chikulira ngati mvukuto.
"Musiyeni," anatero.
"M'Chimaya chathu ameneyu ndi wobwereka nyumba.
Wobwereka si wakuba. Agona, m'mawa abweza.
Nanga ine, zaka zonsezi pansi pa denga lino,
mpweya uno ndinaugula kwa yani?"

Anandituma nthochi, ija yakuda,
yoyamba kale kununkha ngati mowa.
Ndinaisenda, ndinaiika m'mbale pawindo.
Unachedwa. Kenako unatsika,
unafunyulula kamlomo kako kopota,
n'kumwa ngati mlendo amene wayenda mtunda osalawa kanthu.
Anthu anayi akuluakulu, tochi ya foni m'manja,
kuonerera kachilombo kakudya,
Eusebia patapata akadali m'dzanja,
ataiwala chimene anaivulira.

Kutacha unali utapita.
Pakhoma panatsala kafumbi.
Ndinakhudza, chala chinanyezimira mpaka masana.

Bambo sanafe sabata imeneyo.
Anadya chimanga chatsopano,
anakangana ndi wailesi za mtengo wa uchi,
anamaliza kuluka machila ofiira a mdzukulu,
ulusi umodzi atalumphitsa.
Anatisiya mu Malichi, dzuwa likuswa mtengo,
galu ali mtulo pansi pa mlalanje.
Palibe chinalowa.
Palibe chinagwedeza phiko kutichenjeza.

Masiku ano mvula ikayamba
ndimasiya windo pang'ono, nthochi m'mbale.
Eusebia amati ndikuitana tsoka.
Sindimuyankha.
Ndimakhala m'machila mwa bambo, kumvetsera malata,
ndipo amene amabwera nthawi zambiri
ndi nyerere basi.