Mabuleki a Ndaziona

Ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Chinkhoma.
Akabaza amandibweretsera matcheni oduka, masipoko opindika,
koma mabuleki amawakumbukira atachubuka kale zigongono.
"Bola ikuyenda," amatero.
Nanenso ndinkatero.

Ndaziona anagwa ali Sitandade 2,
pamzere wa phala, kapu ili m'manja.
Thovu kukamwa,
miyendo ikupalasa njinga yosaoneka.
Anzake anamwazika ngati nkhuku zaona kabawi.
Azakhali ake anati ndi majini,
tikamupempherere ku Santhe.

Kuchipatala cha paboma a Nyirongo anamwetulira.
"Majini, eya, mwina.
Koma osati oyenda usiku aja.
Awa ndi timakalata tolembedwa m'selo lililonse,
tina n'tanu, tina n'ta mayi ake."
Anatembenuza pepala la mankhwala,
nkujambula ubongo wonga mbatata yopindika.

"Mwana akali m'mimba, zikhadabo zisanamere,
pansi apa pamabadwa maselo ena.
Sakhala pomwe abadwirapo.
Majini amawauza: nyamukani, kwerani, khoterani uku.
Amakwawa masabata ambiri, kudutsa pakati pa eni malo,
mpaka pamwamba pomwe maganizo adzagwirire ntchito.
Yawo ntchito ndi kunena kuti basi.
Mnzawo akakuwa, kumugwira paphewa.
Akafika ochepa, kapena akasochera panjira,
mmodzi akakuwa onse amakuwa.
Ndiko kugwako.
Za mwana wanuyu sindingalumbire,
makina oonera zimenezo kuno tilibe."

Ndinangoti kukamwa pululu.
Ndinakumbuka bambo anga
atakwera lole kuchokera ku Phalombe,
kakalata ka kapitawo m'thumba la malaya,
kudzakhala tenanti pa esiteti yomwe sanaionepo.
Ananyamuka makumi atatu.
Ena anatsika pa Balaka, ena pa Mponela,
ofika pachigafa anali khumi ndi anayi,
ndipo chaka chimenecho fodya anawola m'munda.

Ndiye kuti m'mutu mwa mwana wanga munali lole,
ine osadziwa,
ndikudandaula za mtengo wa feteleza,
mayi ake akulakalaka dothi la chulu.
Kalata yanga ija inafufutika pati?
Kapena ndi ya mayi ake?
A Nyirongo anati funso limenelo silichiza munthu.
Anatipatsa mapiritsi oyera m'kathumba ka pulasitiki:
limodzi dzuwa likalowa, osadumphitsa,
ngakhale mwezi ukhale wosagwa.

Miyezi isanu ndi iwiri tsopano.
Anagwa kamodzi, sabata yomwe kuchipatala anatha.

Akaweruka amadzakhala pa tayala lakale,
kundisankhira manati m'chitini cha mkaka.
Dzulo anafinya buleki ya njinga ya Lufeyo,
mphira nkuluma mkombero, wilo nkuti zii.
"Ababa, kanthu kakang'ono chonchi
kamaimitsa bwanji thumba la chimanga pamtsetse?"
Ndinati sikaimitsa kokha,
pali waya, pali dzanja, pali amene anakaika pamalo pake.

Lufeyo anabwerera tcheni chabe.
Ndinamumangira ndi mabuleki omwe, ulere.
Anadabwa, nkuwerenganso ndalama zake,
nkutsetsereka kulowera ku msika wa fodya.
Ndinamuyang'ana mpaka pokhotera paja,
kudikira ndimve kulira kwa mphira.