Mayina Khumi ndi Limodzi

Loweruka masana, pa Mwansambo,
m'shopu ya telala Chimwaza,
makina osokera atakankhidwira kukhoma,
timakhala asanu ndi mmodzi
pa benchi imodzi ndi zidebe ziwiri zovundikira.
Palibe amatilipira. Palibenso anatituma.

Ine ndine mlembi. Kope labuluu limagona kwanga,
lija linanyowa m'mphepete ndi mvula ya Januwale
mpaka mayina a chaka chatha anayamba kusambira.

Mayi Nankhoma, namwino wopuma, akhuthula jumbo:
ndalama za mandasi a miyezi itatu,
zamafutamafuta, zopindika ngati makutu a mbuzi.
Twaibu wa kabaza aika zake osayang'ana munthu,
fumbi la msewu wa ku Benga lidakali m'nsidze.
Bambo Kamzimbi agulitsa thumba la mtedza
akunyumba asakudziwa,
akuti akaulula usiku, tiwapempherere.
Za mwana wathu wa ku Joni zabwera pa foni,
ajenti atadulapo kale zake.

Tawerenga. Tabwerezanso.
Twaibu wanyowetsa chala, wawerenga kachitatu.
Zikukwana ana asanu ndi anayi.
M'kope muli mayina khumi ndi limodzi.

Apa m'pamene aliyense amayamba kuyang'ana
tizidutswa ta nsalu tili pansi.

Atsale ndani?
Asiyatu, amene amadzuka nkhuku zisanatsike,
maola awiri a miyendo, makope m'pepala la shuga?
Lekeleni, amene malume ake akuti
mwamuna wina wodula nzimbe ku Dwangwa
wayamba kale kufunsa njira ya kwawo?
Kapena Mwatitha, wofiira maso ndi utsi wa makala,
amene amathetsa samu mphunzitsi asanamalize kuilemba?

Cholembera chili m'dzanja langa
ndipo kulemera kwake ndimakudziwa.
Ine anandibweza pa geti ndili Fomu 2
chifukwa cha ndalama zosagula ngakhale kamwana ka mbuzi.
Sabata yathunthu ndinkabisala kuseri kwa kalasi,
kumvera Jogalafe kudzera pa windo losweka,
mpaka mitsinje ya maiko akutali inaphwa m'mutu mwanga,
ndinakasenza mtolo wa nkhuni.
Dzina langa silinali m'kope la munthu aliyense.

Chimwaza wakhosomola, wachotsa tepi m'khosi.
Akuti mayunifolomu asoka ulere,
nsalu akongola kwa mwenye ku Nkhotakota,
za mawa zidziwa zokha.
Ndalama ya yunifolomu yasanduka fizi.
Khumi.

Watsala mmodzi.
Mayi Nankhoma apisanso m'jumbo muja,
atulutsa lisiti lakale ndi kanjere ka mpunga.
Taseka pang'ono, kuseka kosafika m'mimba.
Kunja wina akuitana telala za buluku lake la ukwati.

Mutu umodzi susenza denga, inde,
koma lero mitu isanu ndi umodzi
yasenza, ngodya imodzi n'kutsalabe pansi.

Mayina khumi ndalemba ndi inki.
La khumi ndi chimodzi ndalemba ndi pensulo,
osati kuti lifufutike msanga,
koma kuti lizindiyang'ana.
Sindikuuzani kuti ndi la yani.
Mayi ake timatunga nawo pa mjigo umodzi.

Lolemba ndivala chitenje changa chabwino chija,
ndikakhala pa benchi ya kwa ahedi
kuyambira belu loyamba.
Ndikawapempha milungu itatu yokha,
soya akangouma tibwera nazo.
Akakana ndikhalabe pomwepo.
Ndinaphunzira kale kudikira kunja kwa kalasi,
ndilo phunziro lokhalo limene ndinamaliza.

Twaibu wakwera njinga, kasitomala akumudikira.
Chimwaza wakokeranso makina pakati,
wayeza m'maso msinkhu wa mwana amene sanamuone,
lumo layamba kudya nsalu yangongole.
Ine ndakulunga kope m'pulasitiki,
mitambo yakuda ikuchokera ku Ntchisi.